Mono Wosalowa M'madzi

Luwiza atamwalira ndinakhala kwawo mpaka miyambo yonse inatha. Anandisudzula pabwalo, akuluakulu a mbali zonse ziwiri atakhala pamphasa. Anati tsopano ndine womasuka, ndikhoza kupita kumene ndikufuna ndi kukwatira amene ndikufuna. Ndinawomba m'manja monga ziyenera kukhalira. Sindinawauze kuti mkazi wanga anali atandimanga kale ndi mawu ake, ali gone pabedi la chipatala, mpweya ukumuchepera. Sananene zambiri. Anangoti, "Bambo anga musawataye."

Bambo akewo ndi a Zuze, msodzi wa kwa Nyachikadza. Pa nthawiyo ng'ala inali itayamba kuwatseka maso, ndipo bwato lawo anali atapereka kwa ena. Chinawatsalira ndi kuluka miono yogwirira nsomba. Ankaluka ndi bango, n'kumanga ndi mlaza, ndipo asodzi a m'madambo ankabwera okha kudzaitanitsa. Luwiza ndiye ankawadulira bangolo. Akatero ankakhala pansi kumanzere kwawo, kung'amba mlaza n'kumawaikira m'manja. Amayi ake anamwalira iye ali mtsikana. Mwana wina yekhayo wa a Zuze ndi mlamu wanga Antonyo, amene ali ndi golosale kumtunda, kwa Mbenje.

Ine kwathu ndi kwa Tengani, kwa mapira ndi thonje. Nsomba ndimaidziwa ikakhala m'mbale. Ndinaphunzira za chitukuko cha m'madera kukoleji ku Blantyre, koma pepala lake linkangogona m'sutikesi. Tsono Jofilisi, mnzanga wa ku Nchalo amene anasiya kudula nzimbe n'kupita ku Kepu, atanditumizira mawu akuti kumene akugwira kukufunika munthu, sindinazengereze. Panyumba paja chilichonse chimene ndinkakhudza chinali ndi dzanja la Luwiza.

Ndinapita kukatsazika a Zuze. Ndinakhala chapatali, monga amakhalira mkamwini.

"Akamwini, akuti mukupita ku Joni?"

"Kupitirira Joni, bambo. Kunyanja yamchere."

"Kuli nsomba?"

"Akuti ziliko."

"Basi simukafa ndi njala," anatero, manja osasiya kuluka.

Za ulendo sindikumbukira zambiri: basi, malire, apolisi ofuna kuona pansi pa chikwama, basi ina. Chimene sindiiwala ndi kuzizira. Munthu wa m'chigwa, wozolowera kugona panja nthawi yotentha, ndinapezeka m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu wina, mphepo ikulowera pansi pa chitseko, mvula ikugwa m'miyezi imene kwathu kumakhala kouma gwa. Jofilisi ankagona atavala jekete ndi chipewa.

"Shamwali," ankatero, "kwathu tinkadandaula dzuwa, Mulungu anamva. Wationetsa kumene amasungira firiji yake."

Jofilisi ankasamalira maluwa panyumba ina yosungira okalamba, ndipo ine anandipezera yokolopa pomwepo. Sindinena kuti okalambawo ankazunzidwa, ndinganame. Zofunda zinali zoyera, chakudya chinali chabwino, anamwino ambiri anali achifundo. Koma tsiku loyamba, nditalowa m'chipinda chachikulu n'kuona nkhalamba zitandandalika m'mipando, zonse zitayang'ana wailesi ya kanema imene palibe ankaionera, ndinafuna kutuluka. Manja onse anali pamaondo. Ndinali ndisanaonepo manja ambiri chotero atangokhala.

Mayi amene ankakonza zochita za okalambawo tinkangowatchula kuti madamu. Atamva kuti ndinapita kukoleji anandichotsa pa chokolopera kuti ndiziwathandiza. Ndinasangalala. Ndinati tsopano ndigwiritsa ntchito zimene anandiphunzitsa, zoti usanakonzere anthu kanthu uyambe wawafunsa chimene amadziwa ndi chimene akufuna.

Palibe amene ankafunsidwa. Zochita zinali zokonzeratu, sabata ino monga sabata yatha. M'mawa kuponyerana chibaluni. Masana kupaka utoto pa zithunzi za abakha, za m'mabuku a ana a mkaka. Tsiku lina masewera otchula manambala. Wina akakumbukira tsiku lobadwa tinkawaveka onse zipewa zapepala. Munali bambo amene anayendetsa sitima zapamtunda moyo wake wonse, munali mmisiri wa matabwa, munali mayi amene anabereketsa azimayi osawerengeka. Ine ndinkawaveka zipewa zija, madamu n'kumajambula pafoni.

"Mwetulirani, okondedwa!" ankatero madamu. Kenako kwa ine, chapansipansi: "Ana awo amafuna kuona kuti makolo akusangalala."

Ndiye panali mathawulo. Panali dengu lapulasitiki lodzaza timathawulo tating'ono, ndipo tinkaliika patebulo pamaso pa mayi wina, Mayi Daniels, kuti azipinda. Mayiwa anagwira ntchito yochapa ndi kusita m'mahotela kuyambira utsikana. Zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi, mutu unkawatayikira, nthawi zina ankafunsa ngati amuna awo abwera kuchokera kudoko, pamene anamwalira kalekale. Koma thawulo akalipinda, ngodya zinkakumana ngati ayeza ndi lula. Dzina langa linawavuta, ankangonditchula kuti Malawi.

Atamaliza tsiku loyamba ndinanyamula dengu n'kufunsa madamu kumene ndikasiye.

"Pita nalo m'kachipinda ka kuseri, ukawakutumule onse, uwabwezere m'dengu. Akamwa tiyi ubwere nalonso."

Ndinayesa sindinamve bwino Chingerezi chawo. "Nanga amene amawagwiritsa ntchito ndani?"

"Palibe. Amenewa ndi a zochita basi. Amaiwala, kwa iwo amakhala atsopano. Zimawakhazika mtima pansi."

Madamu sanali munthu wankhanza. Anaziphunzira kumaphunziro ena, ndipo ankazikhulupirira. N'chimene chimandipweteka mpaka lero. Akanakhala wankhanza ndikanadziwa pomuikira m'mtima mwanga. Ndinachita monga anandiuza. Ndinkatseka chitseko, n'kumapasula ntchito ya manja opweteka aja, thawulo limodzilimodzi.

Tsiku lina nditabwera nalo dengu, Mayi Daniels anatola thawulo limodzi n'kuliika pamphuno. Anatola lina, ananunkhizanso.

"Malawi, bwera kuno."

Ndinayandikira.

"Thawulo lochokera kochapa limanunkhira sopo. Lochokera kubafa limanunkha munthu. Ili likununkha mafuta a m'manja mwanga." Anandiyang'ana m'maso. "Silinapite kulikonse, eti?"

Anabwezera thawulo lija m'dengu.

"Mutu wanga ndi wobooka, ndikudziwa. Koma mphuno sinabooke." Anakankha dengu pang'onopang'ono mpaka linafika kumapeto kwa tebulo. "Kodi ndinakulakwirani chiyani anthu inu?"

Nditawauza madamu anati, "Usadandaule, mawa akhala ataiwala." Anaiwaladi zoti tinalankhulana. Koma dengu likabwera ankaliyang'ana ngati mbale ya munthu amene anakudyetsapo zoipa, manja ali pamaondo. Chakudya anayamba kubweza.

Ndinakonza maganizo anga bwinobwino monga anatiphunzitsira, n'kupita kwa madamu. Ndinati kochapira kuli zovala zenizeni zofunika kupinda. Kukhitchini kuli mbatata zofunika kusenda. Mipando ya pakhonde ikugwedera, pamene mmisiri ali m'nyumba momwemo akupaka utoto abakha. Jofilisi akufuna omuthandiza kuika mbewu m'timachubu. Madamu anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiyankha chimodzichimodzi. Mpeni ungacheke munthu. Zovala zenizeni zingatenge majeremusi. Mmisiri akadzimenya ndi hamala a inshuwalansi sangatimvere. Ana awo akamva atiimba mlandu woti tikugwiritsa ntchito makolo awo.

"Anthu awa anagwira kale ntchito," anatero. "Ino ndi nthawi yawo yopuma."

Chaka chimenecho kwathu madzi anasefukira. Antonyo anapita kwa Nyachikadza n'kukawatenga a Zuze, ndipo pamenepo anachita bwino, sindidzamulanda zimenezo. Kuyambira pamenepo chimene ndinkatumiza chinkapita kwa iye. Tsiku lina Lamlungu anandiimbira foni ya kanema.

"Alamu, taonani nokha! Thukuta lanu silikupita pachabe. Madala akungodya ndi kugona ngati bwana wa ku esiteti."

Anatembenuza foni. A Zuze anali pampando wapulasitiki pakhonde, atavala malaya atsopano ndi nsapato. Nkhope sindinaiyang'ane kwambiri. Ndinayang'ana manja. Anali pamaondo.

"Bango akulipeza kuti kumeneko?" ndinafunsa.

"Bango la chiyani? Mufuna anthu azitinena? Mwana ali ndi golosale, mkamwini ali ku Kepu, koma nkhalamba yosaona ikuluka miono ngati ilibe abale? Ndi mpeni womwe ndinabisa, angadzicheke. Anavutika kale madalawa, alamu. Apume."

Chifereni Luwiza ndinali ndisanakwezepo mawu kwa munthu aliyense. Tsiku limenelo ndinakuwa mpaka mwini nyumba anatuluka kudzaona. Zimene ndinanena sindizikumbukira zonse. Antonyo anangoti, "Chabwino, chabwino, musalire. Bango ndigula." Patapita masabata anayamba kunditumizira zithunzi: a Zuze pamphasa, mono pakati pa miyendo. Mtima wanga unakhala pansi. Ine amene ndinkadziwa bwino ntchito ya zithunzi, ndinakhulupirira chithunzi.

Ndinali ndi malaya ena abuluu amene ndinkavala kawirikawiri kuntchito. Tsiku lina ndikupukuta tebulo, Mayi Daniels anandigwira pamkono.

"Batani lako lili kuti? Ulibe mkazi iwe?"

"Anamwalira."

Kenako anati, "Wanganso sanabwere kuchokera kudoko. Mawa ubwere ndi singano."

Sindinayembekeze kuti akumbukira, koma m'mawa mwake anandilandira ndi funso: "Singano ija?" Ndinali nditabwereka kwa Jofilisi. Ulusi ndinawalowetsera ndine, kusoka anasoka okha, pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Atamaliza anayendetsa chala pa mabatani enawo.

"Awa si a kufakitale. Wina anawabwereza ndi ulusi wophatikiza." Anandiyang'ana. "Ankakukonda, kapena ankadziwa kuti ndiwe wosasamala."

"Zonse ziwiri, mayi."

Ndinapita m'kachipinda ka mathawulo kaja, ndinatseka chitseko, ndinakhalamo kanthawi. Tsiku limenelo Mayi Daniels anamaliza chakudya chawo chonse.

Nkhani inamveka pakati pa antchito. Namwino wina wa ku Zimbabwe anabwera ndi siketi yosomphoka m'mphepete. Wophika anabwera ndi epuloni. Mayi Daniels anayamba kutikalipira monga ankakalipirira atsikana a kuhotela. "Ichi mwachapa ndi chiyani, matope?" Mayi wina woyandikana nawo anayamba kuwagwirira nsalu, wina kusankha mabatani. Pakona paja panayamba phokoso, kukangana, kuseka. Madamu ankaona, n'kumayang'ana kumbali. Jofilisi anabwera ndi ovolosi yake yaitali miyendo, imene ankaipinda ndi waya.

"Agogo, mundikonzere ndioneke ngati munthu. Mwina mzungu wina angandifunsire."

"Ndi nkhope imeneyo?" anatero Mayi Daniels. "Ndikonza miyendo yokha, zinazo n'za Mulungu."

Ovolosi imeneyo ndi imene mwana wawo wamkazi anaipeza pamiyendo pa amayi ake atabwera kudzawaona. Inali yochapa, koma inali ovolosi ya wantchito wa m'maluwa. Anatiitanitsa mu ofesi, ine ndi madamu.

"Sindilipira pano kuti amayi anga akhale wantchito wa antchito anu," anatero.

"Amayi anu ayambanso kudya," ndinatero ine.

"Iwe usandiuze za amayi anga! Ndinakula ndikuona manja awo atasupuka ndi sopo wochapira zonyansa za anthu ena. Ndinalumbira kuti ndikadzakula sadzagwiranso chovala cha munthu." Misozi inali m'maso mwake. Ankawakonda amayi ake, zimenezo ndinaziona. Ndinafuna kumufunsa ngati anayamba wawafunsapo eni ake za lumbiro lakelo. Sindinafunse. Pepala langa lokhalira m'dzikomo linali m'manja mwa anthu omwewo.

Singano anakailanda madamu okha. Mayi Daniels anagwira ovolosi ndi manja onse awiri. "Sindinamalize mwendo winawu! Munthu ayenda bwanji ndi mwendo umodzi?" Anachita kuwatsegula zala. M'malo mwake anawapatsa chidole cha mwana kuti azichinyamula.

Ine anandibwezera ku chokolopera. Jofilisi anavala ovolosi ija momwemo, mwendo wina wosokedwa bwino, wina wokwekwereza pansi. Madamu atamuuza kuti aikonze, anati, "Telala wanga munamutsekera shopu, madamu. Ndikudikira atsegule." Anaivala choncho mpaka ine ndinachoka.

Ndinakolopa miyezi ina. Ndikamadutsa pa Mayi Daniels ndinkawapatsa moni, koma anasiya kunditchula kuti Malawi. Chidole chinkagwera pansi, ine n'kumachitola, n'kuchiika pampando wapambali. Nthawi ya pepala langa itatha sindinapemphe kuti aliwonjezere.

Ndinatsika basi pa Bangula dzuwa lili pamutu, ndipo kutentha kunandilandira ngati mbale wanga. Kwathu kwa Tengani ndinangogonako, m'mawa mwake n'kubwereka njinga kupita kwa Mbenje. Nyumba ya Antonyo inali ndi malata atsopano ndi utoto wobiriwira. Anandilandira bwino, anapha nkhuku. A Zuze anali pakhonde, pampando wapulasitiki uja. Anali atatha thupi. Bango panalibe, mlaza panalibe.

"Mwabwera, akamwini."

"Ndabwera, bambo."

"Nsomba za kumeneko munaziona?"

"Ndinaziona m'sitolo."

Anagwedeza mutu.

Nditadya anandisonyeza kosamba, kuseri kwa khitchini. Kumeneko ndi kumene ndinaipeza. Miono, mulu wofika m'chiuno, itasanjikizana pakati pa khoma ndi khola la mbuzi. Yapansi inali itadyedwa ndi chiswe. M'mono wina wapambali munali nkhuku ikufungatira. Ndinatola umodzi wapamwamba. Unali wopepuka, woyera, wouma ngati fupa. Ndinadzipeza ndikuununkhiza. Unkanunkha fumbi.

Ndinaunyamula mpaka pabwalo n'kuuika pamapazi pa Antonyo.

"Ichi n'chiyani, alamu?"

"Mono. Simukuudziwa?"

"Ukutani kuseri kwa khitchini?"

"Inu munati aziluka. Analuka. Bango ndinkagula ndi ndalama zanga, mlaza ndinkagula. Akamaliza ndinkawauza kuti asodzi a ku Chiromo abwera atenga, n'kuwapatsa kangachepe ka m'golosale. Ndani akugula mono masiku ano? Anthu akukokera ndi maukonde a udzudzu! Ndinkafuna madala asangalale, inunso musangalale. Ndalakwa pati?"

"Nkhuku ndi imene inandiuza," anatero a Zuze ali pampando pomwepo, mawu ali phee. "Inatetera kuseri uko, ine n'kupita ndi ndodo kukafufuza dzira. Dzanja langa linagwira mfundo yanga. Ndinafufuza wina, mfundo yanganso. Asodzi a ku Chiromo onse anali kuseri kwa khitchini."

Antonyo anaimirira. "Bambo, ndinkakuchitirani ulemu."

"Takhuta," anatero a Zuze. Kuthokoza kumeneko kunali kowawa kuposa kutukwana.

Ndinamuuza Antonyo za mathawulo. Ndinalankhula motsitsa, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangokweza mawu sindidzawatsitsanso. Ndinati ndawoloka malire atatu kuthawa chinthu chimenechi, n'kudzachipeza kuseri kwa khitchini ya mlamu wanga. Ndinati kumeneko amati inshuwalansi, kuno mukuti ulemu, koma manja a munthu mwawamanga chimodzimodzi.

"Alamu," anatero Antonyo, "paja tinakusudzulani. Awa ndi bambo anga."

"Munandisudzula ndinu. Mchemwali wanu sanandisudzule."

"Nanga madzi atabwera munali kuti? Ndinawabereka kumsana ine, madzi ali m'khosi. Inu munali ku Kepu kuponya chibaluni."

Pamenepo ananena zoona. Ndinangosankha mono wooneka wolimba pa yonseyo, n'kuumangirira panjinga.

Kumtsinje asodzi anandiseka asanandipatse n'komwe moni. Munthu wa nsapato za ku Kepu, mono pakaliyala. Mmodzi wachikulire anautembenuza m'manja, anayang'ana kamangidwe kake, n'kuti, "Uwu ndi wa a Zuze. Akadali moyo? Ife tinamva kuti anapita kumtunda kukapuma." Anandilowetsa m'bwato lake mpaka pa kamtsinje kena ka m'mabango. Ndinavula nsapato, ndinalowa m'matope mpaka m'ntchafu, iye akundiuza poika ndi pokhoma zikhomo, uku akuyang'anayang'ana ng'ona.

M'mawa mwake tinapita kukauvuula. Unali wolemera ndi madzi, wakuda ndi matope, wophulika kumchira. Munalibe kanthu.

Padoko panali azimayi akugulitsa mphende. Msodzi uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana mabeseni awo.

"Gulani ziwiri zitatu muponyemo, chibowocho mutseke ndi udzu. Madala saona. Akasangalale."

Ananena mwachifundo. Onse amanena mwachifundo. Ndinaima pamenepo ndalama ili m'thumba, ndikuganiza za nkhope ya a Zuze ndikawapatsa mono wopanda kanthu, ndi kuseka kwa Antonyo. Sindibisa, dzanja linalowa m'thumba. Kenako m'maganizo ndinaona dengu la Mayi Daniels lija likukankhidwa mpaka kumapeto kwa tebulo.

"Ayi," ndinatero. "Upita momwemu."

Antonyo anandiona ndikulowa pabwalo, matope atauma m'miyendo. "Ndiwo zili kuti, asodzi a ku Kepu? Tiike madzi pamoto?"

Ndinakwera pakhonde n'kuika mono uja pamiyendo pa a Zuze, pa thalauza lawo losita. Madzi anayenderera mpaka m'nsapato.

"Alamu, mukuwadetsa!"

A Zuze anaweramira pa monowo n'kukoka mpweya. Anakokanso. Manja anachoka pamaondo. Anayamba kukamwa kwa mono, anatsika m'mbali, bango limodzilimodzi, mpaka anafika pobooka paja. Analowetsa zala, anazitulutsa, anazitikita, n'kuzinunkhiza.

"Munalowa mlamba umu," anatero. "Waukulu. Wasiya nterere zake. Watulukira apa."

"Pepani, bambo. Mwina ndinatchera molakwika."

"Nkhabe, si inu." Anakoka mlaza wa kumchira, unaduka m'manja mwawo ngati udzu. "Mwaona? Ndinamanga ndi mlaza wosanyika, kamodzi kokha. Uwu ndinauluka nkhuku itandiuza kale. Ndinati wa nkhuku sufuna mphamvu." Anapukusa mutu, nkhope itakwinyika ndi mkwiyo umene ndinali ndisanauonepo pa iwo. "Anthu padoko auona?"

"Auona. Anauzindikira kuti ndi wanu."

"Wanga, n'kuphulitsidwa ndi mlamba! Akundiseka pamenepo tsopano." Anatembenukira kumene kunali mwana wawo. "Antonyo! Mpeni wanga."

Antonyo anaima kanthawi, akuyang'ana thalauza lonyowa lija, n'kuyang'ana kumsewu ngati pali anthu akuona. Kenako analowa m'golosale. Anatuluka ndi mpeni wokulungidwa m'pepala, ndi mtolo wa mlaza umene unatsala. Anaika pakhonde.

A Zuze anatsika pampando okha, anakhala pansi, anavula nsapato n'kuzikankhira kutali.

"Mlazawo muunyike kaye. Ndipo mawa, akamwini, mukadule bango lokhwima nokha, osati zinyalala zimene amagula uyu."

Ndinanyika mlaza m'beseni. Utafewa ndinayang'ana pokhala. Mkamwini amakhala chapatali, koma munthu wosaona sungamupatsire kanthu uli chapatali. Ndinakhala pansi kumanzere kwawo n'kuyamba kung'amba. Iwo anali atayamba kale kupasula kumchira kuja, akung'ung'udza za mlamba. Atafika pofunika kumanga anatambasula dzanja osatembenuka.

"Luwiza, patse..."

Anaima. Dzanja linakhala m'malere. Ndinamva Antonyo akulowa m'nyumba msangamsanga.

"Akamwini," anatero a Zuze patapita kanthawi. "Patseni."

Ndinawaikira mlaza m'manja.